Zimene foni yanu imaulula sizithera pa malonda a pa Facebook

Anthu ambiri akamva zoti makampani amatolera zinthu zokhudza ife, amangoganiza za malonda otulukira pa Facebook. Imeneyo ndi nkhani yaing'ono. Choopsa n'chakuti zotoleredwazo amagwiritsa ntchito pogamula ngati muyenera ngongole, komanso posankha munthu wokuchititsirani manyazi mukachedwa kubweza.

Chomangirira zonse ndi nambala ya foni. Kuyambira 2018 simu khadi imalembetsedwa ndi chiphaso, ambirife cha unzika cha NRB. Nambala yomweyo ndi ya Airtel Money kapena Mpamba, ndi ya WhatsApp, ndiyonso imene ejenti wa kudepoti kapena ku Chibavi mu Mzuzu amalemba m'kaundula pamodzi ndi ndalama zimene mwatapa. Kaundulayo akasiyidwa chotsegula patebulo, wapamzere akhoza kungomujambula, mawa lake n'kukuimbirani akutchula ndalama zenizeni kuti mumukhulupirire.

Akatapila a pafoni ndiye amanyanya. Pulogalamu yawo imapempha chilolezo cha Contacts, SMS ndi Location. SMS imawaonetsa mauthenga a ndalama zolowa ndi zotuluka, motero amadziwa tsiku la malipiro anu. Contacts imawapatsa nambala za abusa, apongozi ndi abwana anu, oti awaimbire mukadumphitsa tsiku. Mu 2023 Google idaletsa mapulogalamu a ngongole a pa Play Store kuwerenga Contacts ndi zithunzi, koma fayilo ya APK (yoikira pulogalamu m'foni) yotumizirana pa WhatsApp sidutsa kumeneko. Imeneyo musaiike n'komwe.

Pa Android lowani mu Settings, kenako Apps, sankhani pulogalamu, tsegulani Permissions, muchotse zimene sizikugwirizana ndi ntchito yake. Tochi ikufuna Contacts yachiyani? Dziwani kuti kuchotsa chilolezo kumangotseka za mtsogolo. Zimene adakopera kale zili nawo.

Fotokope ya chiphaso muzilembapo ndi cholembera, modutsa pakati, tsiku ndi cholinga chake, ndipo yowonongeka musaisiye pamalo ojambulitsira. Chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp ngati Document chimapita ndi zonse zimene kamera idasunga, kuphatikizapo malo ngati Location idali yoyatsa.

Lamulo la Data Protection Act la 2024 limakupatsani ufulu wofunsa bungwe zimene likusunga za inu ndi kupempha kuti likonze zolakwika. Funsani polemba kalata, musunge kope, ndipo akakuzembani dandaulo lipite ku MACRA, bungwe la boma loyang'anira za mafoni ndi mauthenga.