Lachisanu, 11 July 2025: Flagg waphonya ka 16, koma ine nkhawa ndilibe

Las Vegas ili kumbuyo kwathu ndi maola 9, ndiye gemu ya basketball ya Summer League ya NBA (ligi yaikulu ya ku America), ya Dallas Mavericks ndi Los Angeles Lakers, imene kwawoko yayamba 5 koloko madzulo a Lachinayi, ine yandipeza 2 koloko usiku nditadzikulunga m'bulangeti, foni ili m'manja. Chiperoni cha chaka chino sichikuseka ndi munthu. Chondidzutsa chinali chimodzi: kuona Cooper Flagg, mnyamata wa zaka 18 wochokera ku yunivesite ya Duke, amene Dallas inamusankha woyamba pa draft ya mwezi watha, mwambo umene matimu a NBA amasankhirapo osewera atsopano.

Dallas yapambana 87 kwa 85. Flagg waponya ka 21, yalowa 5 yokha, mapointi 10. Theka lachiwiri lonse sanagoletse. Iye mwini polankhula ndi atolankhani wati iyi ingakhale imodzi mwa magemu oipitsitsa pa moyo wake.

Nditafika kuntchito ndapeza achimwene anga a tebulo loyandikana nalo akundidikirira, nkhope ili mwee. Iwowa ndi a Lakers kuyambira masiku a Kobe Bryant. Gemu sanaonere, angoona manambala m'mawa.

"Achimwene, mwana wanu uja ndi ameneyu? Ka 21 kuponya, 5 kulowa? Dallas yagula mphaka m'thumba."

"Inu mwaonera, kapena mwangowerenga?"

"Manambala sanama."

Ndawasiya kaye mpaka nthawi ya tiyi, chifukwa nkhani ya Summer League siyotha ndi mawu awiri.

Anthu ambiri sadziwa kuti mpikisano umenewu ndi wotani. Umachitika mwezi wa July pa Thomas & Mack Center ndi holo ina yaing'ono yoyandikana nayo, pa yunivesite ya UNLV ku Las Vegas. Unayamba mu 2004, ndipo kuchokera mu 2018 matimu onse 30 a NBA amabwera. Kotala imakhala ya mphindi 10 m'malo mwa 12, ndipo wosewera amatulutsidwa akafika mafaulo 10, osati 6. Timu imasonkhana masiku ochepa chabe isanasewere. Mwa anyamata onse ovala yunifolomu imodzi, awiri kapena atatu ndi amene ali ndi malo otsimikizika. Enawo akusaka ganyu: wina akufuna kontrakiti ya two-way yoti azisewera ku G League, ligi yaing'ono ya NBA, n'kumaitanidwa ku timu yaikulu, wina akufuna kuti womuona wochokera ku Spain kapena ku Turkey amulembe m'kabuku. Munthu wotere ukamupatsa mpira, sauonanso mnzake. Amaponya yekha, chifukwa mawa sakudziwa kuti adzadya kuti.

Ndiye manambala otuluka m'gemu yotere amanama, ndipo amanama mbali zonse ziwiri. Ndawakumbutsa achimwenewo za Victor Wembanyama wa San Antonio Spurs. Pa 7 July 2023, gemu yake yoyamba ndi Charlotte Hornets, anaponya ka 13 n'kulowetsa 2, mapointi 9. Anthu anatukwana usiku wonse. Gemu yotsatira ndi Portland anagoletsa 27, San Antonio n'kumupumitsa, ndipo chaka chitatha anali Rookie of the Year, wosewera watsopano wopambana onse, popanda voti ngakhale imodzi yopita kwa wina. Trae Young mu 2018 ku Salt Lake City anayamba ndi 4 pa 20, ina osakhudza ngakhale chitsulo. Pambuyo pake anadzakhala All-Star, mmodzi mwa akatswiri osankhidwa a NBA. Mbali inayo kuli Josh Selby, amene mu 2012 anagawana mphotho ya wosewera bwino koposa wa Summer League ndi Damian Lillard. Lillard tonse tikumudziwa. Selby chaka chotsatira anali atatuluka kale mu NBA.

Chimene ndimayang'ana ine ndi zomwe mnyamata amachita mpira ukamukana. Pali ena, akaphonya katatu mutu umagwa, kubwerera kumbuyo kukateteza amayenda ngati watumidwa kumaliro a mlendo. Flagg usiku wa lero sanatero. Dallas inamupatsa ntchito yobweretsa mpira kuchokera kumbuyo, ntchito imene ku Duke sinali yake kwenikweni, ndipo a Lakers amamutsekera awiriawiri atangodutsa pakati pa bwalo. Sanachite phuma. Amadikira wachiwiriyo afike, kenako n'kupereka kwa mnzake amene watsala yekha. Watha gemu ali ndi ma rebound (kugwira mpira wophonyedwa) 6, ma assist (kupatsira mnzake n'kugoletsa) 4, ndipo walanda mpira katatu.

Chimene chandidzutsa pamkeka chachitika chakumapeto, Dallas ili kumbuyo. Wa Lakers wathamangira ku basket akuganiza kuti njira yayera, Flagg wachokera chakumbali n'kuumenya mpira uja usanafike pagalasi. Sanaime kuti adzigugude pachifuwa. Wautenga, wathamanga nawo, oteteza onse amuunjirira poganiza kuti mwana wotchukayu afuna kudzipulumutsa yekha. Iye wangoutembenuzira kunja kwa Ryan Nembhard, amene waponya ya mapointi atatu n'kulowa. Munthu amene waphonya usiku wonse, dziko lonse likumuonera, n'kusankhabe kupatsa mnzake pa nthawi yoti akanatha kufuna dzina: chimenecho sichiphunzitsika m'masiku anayi a kampu. Bronny James wa Lakers anayesa ya mapointi atatu yomaliza, yakana.

Za Nembhard ndiyenera kunenapo, ngakhale achimwene aja dzinalo anali asanalimvepo. Ndi wa ku Canada, wachokera ku Gonzaga, mng'ono wake wa Andrew Nembhard wa Indiana Pacers, ndipo pa draft palibe timu inamusankha chifukwa ndi wamfupi. Ndiye amene wagoletsa kwambiri ku Dallas. Koma apanso ndikudzigwira. Anyamata amene akhala zaka zinayi ku koleji amaoneka akuluakulu ku Las Vegas chifukwa akusewera ndi ana osadziwana. Funso lake lidzayankhidwa mu November, akadzakumana ndi oteteza otalika kumuposa ndi mutu wonse.

Achimwene anamvetsera mpaka tiyi wawo anazizira, kenako anati, "Zonsezo ndamva, koma 16 yophonya ndi 16." Sindinawatsutse. Kaponyedwe ka Flagg kuchokera patali kakufunikadi ntchito, ya mapointi atatu sinalowe ngakhale imodzi, ndipo kangapo anaumiriza kuponya ali wopendekeka pomwe akanatha kuyandikira. Kusiyana kwathu n'kwakuti iwo akuona chilema, ine ndikuona chinthu chimene makochi amakonza chaka ndi chaka.

Madzulo ndakhala ndikufufuza ndandanda ya Phoenix Suns chifukwa cha Khaman Maluach, mnzake wa Flagg ku Duke, amene anasankhidwa pa nambala 10. Anabadwira ku South Sudan, anakulira ku Uganda, anadutsa ku NBA Academy Africa ku Senegal, ndipo anasewera ma Olympic a ku Paris mu 2024 ali ndi zaka 17. Ameneyu ndiye ndikumuopera kwambiri pakamwa pa anthu. Wosewera wamtali wa pansi pa basket amadya zimene ena amupatsira, ndipo ku Summer League opatsira aja ali kalikiliki kudzigulitsa okha. Akadzatha gemu ndi mapointi 6, ambiri adzati Phoenix yalakwitsa. Ine ndidzayang'ana mapazi ake: ngati akutha kutsatira wosewera wamfupi wothamanga popanda kumugwira, komanso ngati akudumpha pa nthawi yake m'malo mothamangira chinyengo chilichonse.

Dallas iseweranso Loweruka ndi San Antonio, kumene kuli Dylan Harper, wosankhidwa wachiwiri. Achimwene alonjeza kuti ulendo uno aonera ndi maso awo, ndipo tabetcherana fanta ndi mandasi awiri.