Matambula a alendo ndi matimati anga

Matimati anga a ku dimba, kuno ku Lizulu, anayamba kufota atangochita maluwa. Chodabwitsa n'chakuti masamba anali obiriwira bwinobwino, opanda mawanga, koma dzuwa likafika paliwombo amangoti lende, m'mawa n'kudzukanso ngati palibe chachitika. Ine ndinati limeneli ndi ludzu. Ndinathirira m'mawa, masana ndi madzulo mpaka dimba linasanduka dambo. Sabata isanathe, mizere itatu inagona osadzukanso.

Ndinagula Dithane poganiza kuti ndi chiwawu, n'kupopera mpaka masamba kuyera mbuu. Ndalama zinapita, matimati akufabe. Apa mtima wanga unathamangira kwa mnansi wa dimba la kumtunda, amene tinakanganapo za malire. Moni ndinasiya kumupatsa, ndipo ndinanong'oneza anthu awiri atatu kuti mkulu ameneyu usiku sagona m'nyumba.

Alangizi atabwera sanafunse n'komwe za mnansi. Anazula mtengo umodzi, n'kudula tsinde cha m'munsi. M'kati munali mwa bulawuni. Anapempha tambula ya galasi ya madzi oyera, n'kulendewetsa kachidutswa kaja m'madzimo. Patapita mphindi zochepa, tinaona timizere toyera ngati mkaka tikutsika pang'onopang'ono kuchokera pa tsindepo.

"Awa ndi mabakiteriya, bambo. Atseka njira za madzi m'mtengomu, n'chifukwa chake ukufota uli wobiriwira. Mankhwala opopera palibe. Amakhala m'dothi zaka, ndipo amayenda ndi madzi othirira komanso dothi la pa khasu."

Ndiye kuti mfiti yofalitsa matenda ndinali ine ndi keni yanga. Chaka chathachi pamalo omwewo ndinadzala kachewere, yemwenso amagwidwa matendawa limodzi ndi fodya, tsabola ndi mabiringanya. Anandiuza kuti ndizule yodwala yonse ndi mizu yomwe, ndiwotche, ndipo pakhale chimanga kwa zaka zingapo.

Nkhani ikanathera pomwepo, koma ine nzeru yatsopano imandiyabwa. Madzulo mayi a kunyumba atapita kumsika, ndinatsegula kabati n'kutulutsa matambula onse 6 a alendo, aja tinalandira pa ukwati, otuluka pa Khirisimasi pokha. Ndinawandandalika kuseri kwa nyumba, lililonse ndi kamtengo kake. Mdima utayamba ndinanjuta pamenepo ndi tochi, malaya nditavula chifukwa cha kutentha, ndikulankhula ndekha: "Tulukani, tulukani ndikuoneni, mwandivutitsa nthawi yaitali."

Ndinangomva mtolo uli phii kumbuyo kwanga. Anali apongozi anga aakazi, atangofika kumene kuchokera ku Dedza. Mwambo wake ndi womwewo, mkamwini ndi apongozi sayang'anizana, ndiye iwo sanafunse, inenso sindinathe kufotokoza. Usiku umenewo nsima anaikana.

Mkuja wake ankhoswe a mbali zonse anali atakhala pa mkeka pakhomo panga, matambula aja ali pakati ngati umboni. Ndinalongosola za mabakiteriya mpaka thukuta, koma madzi anali atachita kale mbuu, timizere tija osaonekanso, alangizi nawo foni yawo siimapezeka.

Ndipamene mnansi wanga uja anatulukira, khasu lili paphewa. Anayang'ana matambula, n'kundiyang'ana ine.

"Achimwene," anatero akumwetulira, "kodi ndikuchitireni umboni kuti inu usiku mumagona m'nyumba?"