Mphwanga akuti geni yanga ya mafoni yatha, kuti netiweki izichokera kumwamba

Loweruka lapitali mphwanga anatulukira ku shopu foni ili m'manja uku akuseka yekhayekha, akuti malume yambani kufunafuna munda wa kachewere, geni yanuyi yatha basi. Ine nthawi imeneyo ndili pakati powerenga ndalama za kasitomala wa tomato yemwe amatapa K140,000, ndiye ndinangomuuza kuti iwe dikira kaye usandisokoneze. Kasitomala atapita ndi pomwe anandionetsa. Akuti Starlink, kampani ya intaneti ya dishi ili padenga pangayi, ikhoza kulowa mu bizinesi ya mafoni yeniyeni, osatinso za dishi ayi koma foni yanu ya m'thumbayi izigwira netiweki kuchokera ku setilaiti, popanda nsanja. Ndiye akuti mayunitsi adzagula ndani kwa inu?

Sindiname, usiku umenewo tulo sitinabwere msanga. Koma musanamve zomwe ndinaganiza ndikuuzeni kaye komwe tachokera, chifukwa mawu oti "geni yatha" aka sikoyamba kuwamva.

Ine ndinayamba 2006 pano pa Lizulu, MSCE itandikanika. Achemwali anga (mayi ake a mphwanga yemweyu) anandibwereka kandalama, ndinagula foni imodzi, benchi ndi ambulera. Anthu ambiri nthawi imeneyo foni analibe, ndiye amabwera kudzaimbira pa ine, kulipira pa mphindi. Mikangano yake eee. Munthu walankhula mphindi zitatu zathunthu, moni yekha wapereka kwa mudzi wonse mpaka kufunsa ngati mbuzi inaswa, koma polipira akuti inali mphindi imodzi, wotchi yako ikuthamanga. Ndinachita kugula wotchi ya khoma n'kuipachika pa mtengo wa ambulera kuti tonse tizionera limodzi.

Geni imeneyo inafa yokha mafoni otchipa aja atabwera, timose wa lero tija, aliyense kukhala ndi yake. Anzanga ena anatseka n'kupita ku Joni. Ine ndinatembenukira ku makadi okanda. Kudzuka m'mamawa kukaoda ku Dedza kapena ku Ntcheu boma, phindu lake pa khadi limodzi lochepa moti ukataya limodzi ndiye kuti wagwirira ulere tsiku lonse. Ambulera nayo inasintha ndikuona, Celtel inakhala Zain mu 2008, Zain n'kukhala Airtel mu 2010, mbali inayi TNM ili pomwepo ndi mtundu wake wobiriwira. Ndipo kuno poti msewu wa M1 ndi womwe ukugawa Malawi ndi Mozambique, tili ndi zathuzathu, foni imatha kungolumphira netiweki ya ku Mozambique iwe uli pakhonde pako, ndipo ambiri amayenda ndi simu ziwiri kapena zitatu, ina ya Movitel. Foni ya simu ziwiri kuno siichedwa pa shelefu.

Chomwe chinatikweza kuchoka pa benchi kufika mu kontena ndi ndalama za pafoni. Airtel Money inayamba 2012, Mpamba 2013, ine ndinalowa u-ejenti chakumapeto kwa 2014 titakwatirana kale ndi mayi a kunyumba, ndipo mpamba wa fuloti yoyamba, ndalama zomwe ejenti amagwirira ntchito zija, unachokera ku banki m'khonde yawo, izi amandikumbutsa mpaka lero tikangosemphana pang'ono. Tsiku la msika pano magalimoto amabwera kuchokera ku Lilongwe, ku Blantyre, kudzaoda kachewere, kabichi, tomato, anyezi. Wooda safuna kuyenda ndi chikwama cha ndalama, mlimi naye safuna manambala a pafoni, akufuna makwacha awagwire m'manja akagule feteleza. Pakati pa awiriwa pamakhala ine. Ntchito yanga yonse ndi imeneyo, kusandutsa manambala kukhala mapepala ndi mapepala kukhala manambala.

Sikuti zinangoyenda myaa. Chaka choyamba chomwe anandilira K85,000 masanasana. Mnyamata wovala bwino, nsapato zopolisha, anabwera pa nthawi yomwe mzere unali wautali, akuti ndatumiza kale bwana taonani uthenga. Foni yanga inaliradi, uthenga unalowa wooneka ndendende ngati weniweni, dzina langa, ndalama zake, chilichonse. Ndinamuwerengera ndalama, anathokoza mpaka kuwomba m'manja. Madzulo potseka buku ndi pomwe ndinaona kuti balansi sinasunthe, uthenga uja unachokera pa nambala wamba. Ndinakhala pansi pa simenti osalankhula, mayi a kunyumba anangotenga loko n'kutseka okha. Kuyambira tsiku limenelo olo abwere abusa, ndimayamba ndaona balansi kaye.

2018 kunabwera zolembetsa simu ndi chitupa cha unzika, mizere mpaka kumsewu, agogo ena kubwera ndi chitupa atachikulunga m'mapepala atatu a shuga. Kenako makadi okanda anayamba kuchepa mphamvu poti anthu anazolowera kugula mayunitsi ndi mabandulo okha kuchokera mu akaunti ya pafoni. Apo ndiye kachiwiri kumva kuti geni yatha. Tinawonjezera zotchaja mafoni pa sola, kugulitsa machaja, mabatire, makava, ndi kamnyamata kokonza masikirini pakona. Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti katundu yense wa mafoni anakwera usiku umodzi, ndinapita kukaoda ndi ndalama ya makatoni awiri n'kubwera ndi imodzi ndi theka.

Dishi ya Starlink ndinagula 2024, patatha chaka chifikireni m'Malawi muno mu Julaye 2023. Mayi a kunyumba anakana kawiri konse, akuti ndalama imeneyo bola malata. Koma pano ndi yomwe ikuyendetsa mbali ya kompyuta, ana a sukulu kudzaona zotsatira, aphunzitsi kudzatumiza mafomu, kupulinta, ena kungokhala pa benchi panja kuimba vidiyo kwa abale ku Joni. Ndiye mphwanga akamanena za Starlink sikuti akunena chinthu chachilendo kwa ine, bilu yake ndimalipira mwezi ndi mwezi.

Lamulungu nditachoka ku tchalitchi ndinakhala pa kompyuta kufufuza ndekha, poti mwanayu nkhani amaikometsera. Zoona zake ndi izi. SpaceX, eni ake a Starlink, kampani ya Elon Musk, anagwirizana ndi T-Mobile ya ku America mu Ogasiti 2022 kuti foni wamba izitha kulumikizana ndi setilaiti kumalo komwe kulibe nsanja. Masetilaiti oyamba a ntchito imeneyi anawaponya mu Januwale 2024, amawatcha Direct to Cell, ndipo T-Mobile inayamba kugulitsa kwa anthu mu Julaye 2025. Ku New Zealand nako kampani ya One NZ inayamba kale, ku Ukraine ndi Kyivstar. Setilaitiyo imakhala ngati nsanja yoti ikuuluka makilomita mazana angapo kumwamba, foni ya 4G imaiona ngati nsanja ina iliyonse. Poyamba anayamba ndi mauthenga okha, zina zikubwera pang'onopang'ono, ndipo imafuna ukhale poti thambo likuoneka.

Chomwe chautsa mapiri pachigwa ndi cha Seputembala 2025, pomwe SpaceX inagwirizana zogula mafunde a kampani ya EchoStar pa ndalama pafupifupi madola 17 biliyoni. Mafunde amenewa ndiye munda wa bizinesi ya mafoni, amene alibe amachita kubwereka kwa mnzake. Ndiye anthu akuti munthu sangagule munda wa ndalama zonsezo kuti azingolimira ena ganyu, tsiku lina adzafuna kugulitsa yekha simu yake. Apo mphwanga sananame. Koma anasiya kundiuza kuti mafunde atsopanowo akufunika mafoni atsopano omwe ali ndi zida zoti aziwagwira, osati mafoni a itel ndi Tecno akale omwe ndimatchaja pano tsiku ndi tsiku. Anasiyanso kundiuza kuti kuno kwathu njira yomwe yatengedwa ndi ya mgwirizano, mu Disembala 2025 Airtel Africa inalengeza kuti igwira ntchito ndi SpaceX kubweretsa Direct to Cell m'mayiko ake 14, Malawi ali momwemo, malinga boma la dziko lililonse livomereze. Kutanthauza kuti kasitomala akhalabe ndi simu yomwe ali nayo, kungoti akapita kuseri kwa phiri komwe netiweki imathera, foni izigwira ya kumwamba. Ndipo palibe amene angangoyamba kuwulutsa mafunde m'dziko muno osadutsa ku MACRA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi mawailesi, olo akhale wolemera bwanji.

Komanso ife a Malawi nkhani ya kampani yachitatu ya mafoni tinaimva kangati? G-Mobile inapatsidwa chiphaso, Celcom inapatsidwa chiphaso, tinadikira mpaka kuiwala. Ndiye ine ndikamva kuti kukubwera wina sindithamangira kupenta kontena.

Sindikunena kuti makampani akuluakulu akunja kwa geniyi sangaigwedeze. Ku India, Reliance inabweretsa Jio mu Seputembala 2016, miyezi yoyambirira anthu kuimba ndi kugwiritsa intaneti ulere, mitengo inagwa moti makampani ena anatseka, Vodafone ndi Idea anachita kuphatikizana mu 2018 kuti apulumuke. Ku Japan kampani yogulitsa katundu pa intaneti ya Rakuten inamanga netiweki yakeyake n'kuyamba mu 2020, koma yakhala ikutaya ndalama zambiri zaka zoyambirirazo, nsanja si masewera. Google ndiye inasankha njira yachidule mu 2015, yomwe pambuyo pake inatchedwa Google Fi, kubwereka netiweki ya ena n'kumagulitsa m'dzina lake. Aliyense ndi njira yake, koma pa onsewa ine ndimayang'ana chinthu chimodzi, kodi ndalama ya kasitomala imadutsa m'manja mwa ndani isanafike kwa iwo?

Apa ndi pomwe pali mantha anga enieni, osati za setilaiti. Dishi yangayi palibe ejenti amene amadyapo, ndimalipira pa intaneti ndi khadi ya ku banki, ndalama imachoka kwa ine kupita kwa iwo basi, palibe komishoni ya munthu wa pa Lizulu. Makampani a tekinoloje ndi mmene amapangira zinthu zawo, safuna kontena, safuna ambulera, ndipo mafoni atsopano odula ali ndi eSIM yoti sugulanso kakhadi kolowetsa, umangojambula kachizindikiro basi yalowa. Tsiku lomwe foni idzagulitsidwe choncho kuno, mbali ya simu ndi mayunitsi idzapita ngati mmene inapitira foni ya pa benchi ija. Izi ndavomereza kale mumtima.

Nditawafotokozera mayi a kunyumba zonsezi anangoti, bambo a mwana, setilaitiyo izidzatsitsanso makwacha kuchokera kumwamba? Ndinaseka koma anakhoza. Titatsegula buku la miyezi itatu yapitayi tinapeza kuti mayunitsi ndi simu ndi kagawo kochepa kwambiri ka zomwe timapeza, chachikulu ndi kuika ndi kutapa ndalama, kenako kutchaja ndi kukonza mafoni, kenako kompyuta. Ndipo taganizani, midzi ya kuseri kwa mapiri uko komwe munthu amakwera pachulu kuti atumize uthenga, netiweki ikafikako ndiye kuti anthu ambiri agula mafoni, ambiri atsegula akaunti, ana awo ali m'tauni azitumiza ndalama pafupipafupi. Ndalama imeneyo adzatapira kuti? Foni imeneyo adzatchajira kuti, poti magetsi sanafikeko? Ikagwa pamwala sikirini adzasinthira kuti?

Ndiye m'malo mofuna munda wa kachewere tapanga zina. Ndalama yomwe timasungira kuwonjezera shelefu ya simu ndi makava tagula sola yachiwiri ndi batire lalikulu, ndipo mphwanga yemwe amandisekayo ndamulemba ntchito. Kuyambira mwezi wamawa masiku awiri pa sabata azikwera njinga yamoto kupita kumidzi ya kumtunda ndi fuloti pang'ono, bokosi lotchajira ndi buku, tione ngati anthu angazolowere kumupeza pansi pa mtengo wa pa chigayo m'malo moyenda makilomita onsewo kubwera kuno. Achemwali anga akuti ndisamupatse ndalama zambiri tsiku loyamba, mwana wawo amamudziwa okha.

Dzulo m'mawa ndikumuphunzitsa kulemba buku kunabwera agogo ena omwe amatapa kwa ine mwezi uliwonse ndalama yochokera kwa mdzukulu wawo ku Lilongwe. Anamasula kansalu, kutulutsa kafoni ka mabatani kozima, akuti mwanawe kayambe wakapatsa moto aka, kenako undionere ngati zalowa. Pini yawo amasunga pa kapepala mkati mwa chivundikiro cha batire, ndawauza kambirimbiri kuti asamatero koma samva. Mphwanga anafuna kuwauza za setilaiti, akuti agogo posachedwa muziimba muli kumunda osakweranso pachulu. Agogo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kufunsa kuti nanga ameneyu ndi mwana wa ndani, ndalama zanga asagwire, andiwerengere yemwe ndimamudziwa.

Ndamuuza kuti ulendo woyamba wa kumtunda tipitira limodzi, ndikamuonetse kwa amfumu ndi kwa eni chigayo, shopu atsala nayo mayi a kunyumba.