Sabata imodzi kumbali ya woimbidwa mlandu

Ndinagwira ntchito yoimira boma pa milandu kwa zaka zingapo ndisanatsegule ofesi yangayanga ya uloya, ndipo chachikulu chimene ndinachokako nacho ndi luso lowerenga doketi ya apolisi, fayilo yosungamo umboni wa mlandu. Kale ndinkaiwerenga kuti ndione ngati umboni ndi wokwanira kuti munthu apezeke wolakwa, koma lero ndimafufuza pamene umboniwo waperewera.

Lolemba ndinapempha belo ya mnyamata wina amene ankamuganizira kuti anathyola golosale. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko lino likuti munthu womangidwa azionekera kukhothi pasanathe maola 48, koma iyeyu nthawiyo inali itadutsa akadali m'chitokosi. Majisitireti anavomera, amalume ake awiri atalonjeza kuti adzaonetsetsa kuti sakujomba kukhothi. Lachiwiri ndinathera kundende, kukambirana ndi bambo wina amene ali pa rimandi pa mlandu wakuba moopseza.

Mlandu wa bamboyu unalowa Lachitatu, ndipo boma linkadalira mboni imodzi, mlonda wachikulire amene ananena kuti anamuzindikira usiku wa chiwembucho. Sindinakayikire kuti mlondayo ankanena zimene ankakhulupirira ndi mtima wonse, ndipo mboni yotere ndiyo yovuta kuifunsa, chifukwa munthu woona mtima angathe kulakwitsa osadziwa. Nchifukwa chake sindinamukalipire, monga amachitira maloya ena pofuna kusangalatsa achibale odzaonerera. Ndinafunsa pang'onopang'ono kuti, "Bambo, nyali inali pati? Inu munaima patali bwanji? Nanga munthuyu munamuonapo kale?" Anayankha kuti magetsi anali atazima, kuti iye anabisala kuseri kwa mpanda, ndiponso kuti nkhope ya woganiziridwayo anaionetsetsa kupolisi, atakhala yekha pabenchi, osati pamzere wa anthu ena oti asankhepo. Ndidakali mbali ya boma, doketi yotere ndikanaibweza kuti afufuzenso ndisanaitengere kukhothi. Boma litatseka umboni wake, ndinapempha bwalo, motsatira gawo 254 la malamulo a kayendetsedwe ka milandu ndi umboni, ligamule kuti palibe mlandu woti munthuyu ayankhe.

Lachinayi mlandu wina unaimitsidwa chifukwa mboni sizinabwere, zomwe zikutanthauza kuti munthu amene sanapezeke wolakwa agonanso m'ndende masabata ena.

Lachisanu kunabwera mayi amene mwana wake wamangidwa, atanyamula ndalama zimene anapeza atagulitsa mbuzi. Ndalamazo sizikanafika kumapeto kwa mlandu, ndipo kuzilandira kukanakhala kumulanda chuma popanda kumuthandiza mokwanira. Ndinamulembera kalata yoti apite nayo ku Legal Aid Bureau, komwe maloya a boma amathandiza anthu osauka, ndipo ndinamuuza kuti pempho la belo ndikaliperekera ndekha Lolemba m'mawa popanda malipiro, ndisanakamve chigamulo cha mlandu wa bambo wa pa rimandi uja.