Chaka chathunthu osayatsa ndudu: zikomo abale anga

Lero pa 31 May, tsiku limene dziko lonse limakumbutsana za kuipa kwa fodya, ndakwanitsa chaka osasuta. Ndinayamba ndili ndi zaka 17, ndasiya ndili ndi 49. Ndati ndithokoze poyera, poti amene anandigwira dzanja ndi ambiri.

Ndiyambe ndi anesi a pa kiliniki ya kwathu kuno ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe. Nditapita ndi chifuwa chosamva mankhwala, sanandikalipire. Anangofunsa kuti, "Bambo, mukadzuka m'mawa, pamatha mphindi zingati musanasute?" Ndinati sizikwana 5, ndimayatsa ndisanasukusule n'komwe. Anandifotokozera kuti yankho limenelo limaulula kukula kwa chibaba: usiku chikonga chimachepa m'magazi, ndiye thupi limadzuka likuchilirira, ndipo ukangokoka utsi chimafika ku ubongo m'masekondi 10 kapena kuposerapo pang'ono. Munthu wotere kusiya kumamuvuta kuposa amene amasuta masana okha. Ndinali nditayesapo kawiri n'kubwerera, ndipo tsiku limenelo manyazi anandichoka.

Mayi a kunyumba, inu ndiye munaona zakuda. Masiku atatu oyamba ndinali ngati njuchi zoputidwa, tulo osabwera, mutu uli waa, kukalipira ana popanda chifukwa. Munapirira, munataya machesi onse a m'matumba mwanga. Pofika sabata yachinayi thupi linayamba kugonja.

Chimene sindinkayembekezera n'chakuti chizolowezi chimakhalitsa kuposa chibaba. Dzanja linkapita lokha m'thumba ndikamaliza kumwa tiyi, ndikakhuta nsima, ndikamadikira kombi (minibasi) pa siteji ya Copacabana m'tauni. Pamenepo pali mayi wina wogulitsa masiwiti ndi ndudu imodziimodzi, amene ndamugula kwa zaka zambiri. Mwezi wachiwiri ndinamutambasulira ndalama. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Sekuru, munati mwasiya," n'kundipatsa masiwiti awiri. Mayi inu, munataya kasitomala kuti ine ndipume bwino. Mulungu akudalitseni.

Yesero lalikulu linali pa maliro a malume ku Highfield. Mukudziwa mmene amuna timachezera pamoto usiku wonse, ndudu ikuyenda dzanja ndi dzanja. Itafika kwa ine, alamu anga anailandira n'kuipititsa kwa wina, kenaka anandithira maputi, chimanga chokazinga chophulika chija, m'manja. Tinatafuna mpaka tambala kulira, osanenapo kanthu za nkhaniyo. Alamu, sindidzaiwala.

Azibambo anzanga a ku CCAP, zikomo chifukwa cha mapemphero ndi mafoni a usiku aja.

Chibaba chimabwerabe mwa apo ndi apo, makamaka kukazizira, koma ndikadikira mphindi zochepa chimapita. Achimwene anga a ku Dzivarasekwa, munati tsiku loti musiye mudzafuna wokhala nanu. Loweruka ndikubwera ndi maputi.