Mmene ndinafikira ku msonkhano wa JURIX ku Maastricht kwacha itangogwa kumene

Misonkhano yodziwika bwino ya akatswiri ofufuza za luntha la makompyuta ndi malamulo ilipo iwiri, ndipo munthu wa kwathu kuno ayenera kuyamba wasankha umene thumba lake lingaukwanitse. Woyamba ndi ICAIL, umene unayambira ku Boston m'chaka cha 1987 ndipo kwa zaka zambiri wakhala ukuchitika kamodzi pa zaka ziwiri. Wa 2023 unachitikira ku Braga m'dziko la Portugal m'mwezi wa Juni. Wachiwiri ndi JURIX, umene anauyambitsa ofufuza a ku Netherlands mu 1988, ndipo umachitika chaka chilichonse mu Disembala m'mizinda yosiyanasiyana ya ku Ulaya. Ine ndinasankha JURIX ya 2023, ya nambala 36, imene inachitikira pa yunivesite ya Maastricht m'dziko la Netherlands kuyambira pa 18 mpaka pa 20 Disembala. Ndinakafikadi ndipo ndinakayankhula, koma chimene chinatsala pang'ono kundilepheretsa si kafukufuku, si ounika mapepala, si viza ayi. Chinali ndalama zakunja. Choncho langizo langa loyamba, limene ndilibwerezenso, ndi lakuti muyambe kufunafuna mayuro tsiku lomwe mwatumiza pepala lanu, musanadziwe n'komwe ngati alilandira.

Za kalembedwe sindichulutsa gaga m'diwa, pakuti aliyense amene wafika poganizira msonkhano wotere amadziwa kulemba. Ntchito yanga inali yophunzitsa kompyuta kuzindikira ndime za malamulo zimene oweruza amatchula m'zigamulo za Bwalo Lalikulu, ndipo zigamulozo ndinazitenga pa MalawiLII, tsamba la pa intaneti losunga malamulo ndi zigamulo za makhoti a ku Malawi, pamene aliyense angaziwerenge kwaulere. Mapepala amatumizidwa kudzera pa tsamba la pa intaneti la EasyChair, ndipo amayenera kutsatira kakonzedwe ka masamba ka IOS Press, kampani ya ku Amsterdam imene imasindikiza buku la msonkhanowu. Ngati intaneti yanu ili yodalirika, gwiritsani ntchito LaTeX, pulogalamu yokonzera masamba a mapepala a sayansi, pa tsamba la Overleaf, koma muzisunga kope pa kompyuta yanu chifukwa magetsi akazima usiku wa tsiku lomaliza palibe amene angakumvereni. Yankho linabwera mu Okutobala: pepala langa analilandira ngati pepala lalifupi, kutanthauza kuti ndinayenera kulidula kwambiri m'masiku ochepa.

Mavuto anayambira pa chiganizo chimodzi cha m'kalata yondilandirayo, chonena kuti mmodzi mwa olemba ayenera kulembetsa ndi kulipira kuti pepalalo lilowe m'buku. Lamulo limeneli ndi lachizolowezi m'misonkhano ya mtunduwu ndipo lilibe cholakwika. Ndalama yake inali mayuro mazana angapo, yolipira ndi khadi pa intaneti. Khadi langa la banki linakana, chifukwa nthawi imeneyo malire a ndalama zakunja zimene munthu angagwiritse ntchito pa khadi anali atatsitsidwa kwambiri moti sakanafika pa mtengo wa kulembetsako. Ndinapita ku banki yanga, imene sindiitchula dzina, ndipo anandiuza kuti njira yake ndi yotumiza ndalama kuchoka ku banki kupita ku banki, koma ndibweretse invoisi, kalata yondilandira, kalata ya kuntchito, kope la pasipoti ndi fomu yodzazidwa bwino. Okonza msonkhano ananditumizira invoisi mwamsanga, yokhala ndi nambala za IBAN ndi SWIFT zozindikiritsa akaunti ndi banki yawo, ndipo ndinkaganiza kuti nkhani yatha.

Tsiku limene linandipweteka kwambiri ndi limene anandiuza kuti ndifike m'mamawa kuti ndikaonane ndi mkulu woona za ndalama zakunja. Ndinapempha tchuthi kuntchito, ndinafika zitseko zisanatsegulidwe, ndipo anandikhazika pa benchi yoyang'anizana ndi ofesi yake. Mtsikana wa pa kauntala anali waulemu ndithu, ndipo nthawi iliyonse ndikadzuka ankati, "Bambo, tadikirani pang'ono, abwana ali pa msonkhano." Msonkhanowo utatha inakwana nthawi ya nkhomaliro. Abwanawo atabwerako, anatembenuza invoisi yanga uku ndi uku, kenaka anafunsa kuti chidindo chili pati. Ndinafotokoza kuti invoisiyo inatuluka pa kompyuta ya yunivesite ya ku Netherlands, kumene mapepala otere satsikiridwa chidindo cha inki, ndiponso kuti dzina la yunivesiteyo, nambala ya invoisi ndi nambala ya akaunti zonse zikuoneka bwinobwino. Anandiyankha kuti iwo sakutsutsa, koma fayilo yopanda chidindo ikabwezedwa kulikulu. Chimene chinandikwiyitsa si kufuna chidindoko, koma kuti munthu amene anandipatsa mndandanda wa zofunika sananene kanthu za chidindo, ndipo mawu ochepa amenewo akanatha kundiuza pa foni kapena pa kauntala m'mamawa muja, m'malo mondisunga pa benchi mpaka dzuwa kupendeka. Potuluka m'pamene anandiuza zoona zenizeni, kuti ngakhale chidindo chikanakhalapo, pempho langa likanangolowa pa mzere, kumbuyo kwa oitanitsa mafuta a galimoto, feteleza ndi mankhwala. Zimenezo ndikuzimvetsa, pakuti dziko silingaike msonkhano wanga patsogolo pa mankhwala a m'chipatala, koma akanandiuza poyamba pomwe ndikanafuna njira ina nthawi ikadalipo.

Ndinalembera okonza msonkhano mwamanyazi kupempha invoisi yosainidwa ndi yodindidwa, ndipo ananditumizira ina yokhala ndi siginecha ndi chizindikiro cha yunivesite popanda kundifunsa zambiri. Inu mupemphe zimenezi pa kalata yanu yoyamba yomwe: invoisi ikhale m'dzina lanu monga lalembedwera m'pasipoti, isainidwe, ndipo itchule masiku a msonkhano.

Ndili pa mzere umenewo, banki yaikulu ya Reserve inalengeza kuti kuyambira pa 9 Novembala 2023 kwacha yatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo dola imodzi imene inkagulitsidwa pafupifupi K1,180 inafika pa K1,700. Ndalama zimene kuntchito anandivomerezera zinali zowerengedwa m'makwacha pa mtengo wakale, kotero tikiti ya ndege, malo ogona, inshuwalansi ndi kulembetsa komwe zinakwera usiku umodzi, pamene chiwerengero cha pa kalata yondivomereza chinakhala chomwecho. Mu Meyi 2022 kwacha inali itatsitsidwanso ndi 25 peresenti, choncho zimenezi si zachilendo kwathu kuno. Polemba bajeti ya ulendo, lembani mitengo yonse m'mayuro kapena m'madola, ndipo muonjezere mawu akuti ndalamazo zidzasinthidwa pa mtengo wa tsiku lolipira. Akakana, pemphani kuti tikiti igulidwe nthawi yomweyo, pakuti kudikira ndi makwacha m'manja pa nthawi ngati imeneyo kuli ngati kusunga madzi m'lichero.

Amene anandipulumutsa ndi mnzanga wina amene akuphunzira ku Britain. Analipira kulembetsako ndi khadi lake m'mphindi zochepa, ndipo tinagwirizana kuti ndidzam'bwezera banki ikadzandipatsa ndalama zakunja. Pepala linalowa m'buku, ndipo kalata yondiitana ku msonkhano, imene imafunika pa viza, inabwera nditangolipira. Apa m'pamene muone mmene zinthuzi zimamangirirana: kalata yokuitanani imadikira kuti mulipire, viza imadikira kalatayo, ndipo ndalama za m'thumba za paulendo banki imafuna ione tikiti ndi viza isanakugulitseni. Choyamba chikachedwa, zonse zachedwa. N'chifukwa chake ndikunenanso kuti muyambe za mayuro tsiku lotumiza pepala, ndipo mudziwiretu munthu kapena bungwe lakunja limene lingakulipirireni banki ikakanika.

Ndabwerera m'mbuyo pang'ono, chifukwa ndakumbukira za ounika mapepala, amene ndemanga zawo zinandithandiza kuposa mmene ndinkayembekezera. Mmodzi anafunsa kuti malemba anga anali oyera motani, popeza zigamulo zambiri zakale ndi masamba ojambulidwa amene amayenera kudutsa mu OCR kuti kompyuta iwawerenge, ndipo makina amenewo amasokoneza manambala a ndime za malamulo. Wina anafuna kuti ndifotokoze mmene makhoti athu alili, kuchokera ku mabwalo a majisitireti, Bwalo Lalikulu mpaka Bwalo la Supreme, komanso kuti malamulo athu amatsatira mwambo wa ku England wodalira zigamulo zakale, chifukwa ambiri mwa owerenga ndi a m'mayiko a ku Ulaya amene amadalira kwambiri malamulo olembedwa m'mabuku. Musaganize kuti amatidziwa. Ndime imodzi yofotokoza dongosolo la makhoti athu musaichotse, ngakhale akulamuleni kudula pepalalo.

Viza ya Schengen, yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo Netherlands, inandivuta pang'ono poyerekeza ndi banki. Choyamba fufuzani ofesi ya kazembe kapena kampani imene imalandira mafomu m'malo mwa dziko limene mukupita, ndipo musungitse tsiku lokaonekera mwamsanga, pakuti chakumapeto kwa chaka anthu opita kukaona abale pa Khirisimasi amadzaza malo onse. Lamulo limalola kupempha viza kutatsala miyezi 6, ndipo yankho limayenera kutuluka m'masiku 15, koma likhoza kufika masiku 45 akafuna kufufuza zambiri. Pamafunika inshuwalansi ya zachipatala yosachepera mayuro 30,000, pasipoti yokhala ndi masamba awiri osadindidwa imene idzakhalebe ikugwira ntchito miyezi 3 mutatuluka m'mayiko a Schengen, malipoti a akaunti yanu ya ku banki, umboni wa malo ogona ndi kalata ya kuntchito yonena kuti mudzabwerera. Amatenganso zidindo za zala. Mtengo wa viza nthawi imeneyo unali mayuro 80, ndipo kuyambira mu Juni 2024 unakwera kufika pa 90. Chimene anthu ambiri sadziwa ndi chakuti ndime 16 ya lamulo la ma viza la European Union imachotsera mtengo umenewu ofufuza amene akupita kukachita kafukufuku kapena kukakhala nawo pa msonkhano wa sayansi. Tanthauzo la wofufuza m'lamulolo lili ndi malire ake, ndipo ndalama ya kampani yolandira mafomu imalipiridwabe, koma sindikizani ndimeyo, muiphatikize ndi kalata yokuitanani, ndipo mufunse mwaulemu musanatulutse ndalama. Mayuro 80 pa mtengo wa Novembala uja sanali ndalama yoseweretsa.

Ulendo weniweni ulibe zambiri. Kuchokera ku Lilongwe mumadzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, ndipo mukatsikira pa Schiphol ku Amsterdam sitima imakufikitsani ku Maastricht m'maola osakwana atatu. Mzindawu uli kumwera kwenikweni kwa Netherlands, pafupi ndi malire a Belgium ndi Germany, kotero yerekezaninso mtengo wa ndege yotera ku Brussels. Mu Disembala kumazizira kwambiri ndipo kumada nthawi ya 5 koloko isanakwane, choncho jekete lochindikala mulipeze ku kaunjika musananyamuke, chifukwa kugula kumeneko ndi mayuro amene mwawapeza movutikira n'kopweteka. Malo ambiri amakonda khadi kuposa ndalama za m'manja, ndipo ndalama za pepala zikuluzikulu ena amazikana, ndiye popempha ku banki nenani kuti mukufuna zing'onozing'ono.

Msonkhano wokhawo unali woyenera mavuto onsewo. Masiku ochepa m'mbuyomo, chakumayambiriro kwa Disembala, mabungwe a European Union anali atangogwirizana pa lamulo loyendetsa za luntha la makompyuta lotchedwa AI Act, ndipo nkhaniyo inali pakamwa pa aliyense pa nthawi ya tiyi, mumzinda womwewo umene munasainidwa pangano lokhazikitsa European Union mu 1992. Nkhani ina inali ya ChatGPT ndi mapulogalamu onga iyo, makamaka chifukwa mu Juni chaka chomwecho khothi la ku New York, pa mlandu wa Mata ndi Avianca, linalipiritsa maloya madola 5,000 chifukwa chopereka zigamulo zopeka zimene pulogalamuyo inawalembera. Panali kusiyana maganizo kooneka pakati pa akatswiri amene akhala zaka zambiri akumanga makina otsatira mfundo ndi zifukwa zolondoleka, mwambo wochokera ku ntchito monga HYPO ya Edwina Rissland ndi Kevin Ashley ya m'ma 1980, ndi achinyamata amene amangopatsa makina akuluakulu malemba ochuluka n'kuyeza zotsatira. Kwa ine a gulu loyamba ali ndi mfundo yolimba, chifukwa woweruza amene sangafotokoze chifukwa cha chigamulo chake sanaweruze, ndipo makina ayenera kuyezedwa ndi muyeso womwewo. Zitsanzo zambiri zinali za makhoti a ku Ulaya ndi ku America, ndipo mafunso amene anandifunsa nditayankhula anali okhudza kapezedwe ka zigamulo zathu kuposa njira zanga zowerengera.

Nditabwerera kunyumba, ofesi yowerengera ndalama kuntchito inayamba yakana lisiti ya kulembetsa, chifukwa pa umboni wa malipiro panali dzina la mnzanga uja osati langa. Panafunika kalata ina yochokera kwa okonza msonkhano yotsimikiza kuti ndalamazo zinalipiridwa m'malo mwanga, komanso chikalata chosonyeza kuti ndinakhalapo pa msonkhano. Chikalata chimenecho chipempheni mukadali komweko, ndipo timapepala tokwerera ndege ndi matikiti a sitima muzisunge mu envulopu imodzi, pakuti adzazifuna zonse. Ngati wina akukulipirirani, polembetsa pa intaneti alembe dzina lanu ndi la kuntchito kwanu pamalo pa wolandira lisiti.

Banki inandiimbira foni chaka chatsopano chitalowa kale, kundiuza kuti pempho langa lavomerezedwa ndipo ndipite ndikasaine kuti ndalama zitumizidwe ku Maastricht. Nditafotokoza kuti msonkhano unatha ndipo ndikufuna ndalamazo zipite kwa amene anandilipirira ku Britain, anandiyankha kuti limenelo ndi pempho latsopano, lofunika fomu yatsopano ndi zikalata zake, ndipo liyambira kumapeto kwa mzere.