Njinga yopepuka ija idandisiya ndi handulo m'manja

Ine ndimakhala chakufupi ndi Ulongwe ku Mozambique kuno ndipo ntchito yanga ndi yodziwika, kutenga kachewere kumunda kupita naye pamsika basi. Njinga yomwe ndinkayendera inali ya malemu bambo anga, Humber yakuda ija, yolemera moti ukafika nayo pamtsinje umayamba wapuma kaye usanaikweze paphewa. Chitsulo chenicheni. Idagwerapo mungalande, ng'ombe idaipondapo, foloko itapindika tidangoiwongola ndi mpini wa khasu mawa lake ulendo.

Nde kudabwera alamu anga, achimwene awo a mayi akunyumba, akuti alamu mukutichititsa manyazi ndi njinga ya nthawi ya atsamunda, tiyeni pa Lizulu mukaone za kaunjika. Tidapitadi. Mnyamata wogulitsayo adangoitenga ndi zala ziwiri nkuikweza m'mwamba, akuti bwana iyi ndi aluminiyamu siichita dzimbiri olo muisiye pamvula dzinja lonse, magiya ali mbwee. Sadaname ayi, aluminiyamu sachitadi dzimbiri lofiira lija ndipo kalemeredwe kake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu la chitsulo, nchifukwa chake mapaipi ake amawapanga onenepa koma njinga nkukhalabe yopepuka. Chomwe sadanene ndi choti idapangidwira mzungu mmodzi ndi kabotolo ka madzi, osati thumba la kachewere losokerera pamwamba. Humber ija alamu adati aisunge kwawo "isamadzadze malo."

Kaliyala ndidachita kuikitsa ya chitsulo. Miyezi yoyamba zinali bho, anthu pamsewu kucheuka, ine kumangosintha magiya olo pamalo poti ndi see. Kenaka idayamba kakulira kena kake chakutsogoloku, tswii tswii ndikamapalasa pachitunda. Ndidathira oilo pa tcheni, phokoso lilipobe. Ndidathira pa pedulo, pa chishalo, mpaka pa belu kkkk. Alamu akuti ndi mmene zimalirira za kunja.

Tsiku la tsokalo mayi akunyumba adandisenzetsanso katundu wawo. Iwo amagulitsa mbuliwuli, ena amati pipoka, pageti pa sukulu, nde adamanga timapepala tambirimbiri muchithumba chachikulu nkuchikoleka pamwamba pa kachewere. Adandichenjeza kuti bambo a Zione musakhalire, musanyowetse, musalawe. Mbuliwuli iwo saseweretsa. Chimanga chake si chathu chakumundachi, chimenecho ukachikazinga chimangopsa nkung'aluka pang'ono, akuti cha mbuliwuli chili ndi khungu lolimba losatulutsa nthunzi ndipo mkati mwake muli timadzi pang'ono, cha m'ma 14 peresenti, nde chikatentha kufika cha m'ma 180 digiri timadzi tija timasanduka nthunzi yosowa potulukira, phuu! Chikauma kwambiri sichiphulika, nchifukwa chake amachisunga muchigubu chotseka bwino ndipo ine sindiloledwa kutsekula. Amayamba aponya njere zitatu mumafuta, zikaphulika ndi pomwe amathira zonse nkuvindikira nkumagwedeza poto, mchere pomaliza.

Pali kotsetsereka kena tisanafike pamsewu wa tala, pansi pake pali kamlatho ndi mabampu a mvula. Ndidalowa bwinobwino, tswii uja adasanduka kakaka, ndikumva kuti handulo ikubwera kwa ine yokha ngati ikufuna kundinong'oneza nkhani. Kenaka thyoo! Paipi yapansi ija idaduka pomwe idalumikizana ndi khosi la njinga, yapamwamba nkutsatira, tayala lakutsogolo ndi handulo ndi ineyo tidapita mbali ya kumadzulo, chishalo ndi kachewere zidapitiriza ulendo wa kumsika pazokha. Ndidadzuka ndili chigwirire handulo, mabuleki nditafinyabe.

Chithumba cha mbuliwuli chidaphulika kachiwiri. Mseu onse mbuu. Sindikudziwa kuti ana adachokera kuti chifukwa pamalopo palibe nyumba zambiri koma adafika, nkhuku zidafika, mbuzi ziwiri nazo, agogo ena odutsa adandifunsa kuti mwavulala mwanawe uku akutolera m'chitenje. Palibe adatola kachewere olo mmodzi kundithandiza.

Zidutswa ziwirizo ndidakweza pangolo mpaka kwa amisiri owotcherera mtauni. Mkuluyo sadalankhule, adatenga maginito a sipika yakale nkugunditsa pa felemu, maginito adagwa pansi. Adagunditsa pa kaliyala, kakaka kumata. Akuti achimwene apa chomwe ndingakuwotcherereni ndi kaliyala yokhayi. Adandionetsa podukapo, theka lake linali lakuda losalala kusonyeza kuti mng'alu udayamba kalekale, theka linalo loyera la tsiku lomwelo. Akuti chitsulo chimayamba chapindika kukuuza kuti ndatopa, ndipo ukapanda kuchipyoza muyezo chimatha kukhala zaka ndi zaka, pomwe aluminiyamu bampu iliyonse amaisunga mumtima, kamng'alu kamayambira m'mbali mwa mowotcherera nkumakula mwakachetechete mpaka tsiku lake. Tswii uja kudali kulira kwa mng'alu ine nkumauthira oilo.

Ndidakakamira kuti tayesani basi. Adaseka nkutenga kachidutswa, kuyatsa gasi. Chitsulo chimafiira kaye ndipo kuti chisungunuke mpaka cha m'ma 1,500 digiri, uyu pa 660 wapita kale ndipo safiira nkomwe, timangoona paipi ili bwinobwino kenaka yangoti phwa, bowo. Akuti pamafunika makina a gasi wa argon, mwina ku Tete kapena ku Moatize kwa a migodi, ndipo olo awotcherere pamalopo pamakhala pofewa pokhapokha felemu yonse ilowenso mu uvuni wa kufakitale. Ndalama ya chapa (minibasi) yokha kupita ndi kubwera mugula njinga ina. Mnyamata wawo wophunzira ntchito adalowererapo kuti bola ya kaboni yomwe amathamangira pa mpikisano, amisiri adamuyang'ana nkuti imeneyo ndi ulusi ndi guluu, ikamenyetseka pamwala imathetheka mkati kunja ikuoneka yabwino, ubwere nayo kuno ndikupatse singano.

Chondiwawa china nchoti aluminiyamu ameneyu adayamba kusungunulidwa m'dziko mwathu momwe muno mu 2000, kufakitale ya Mozal kufupi ndi Maputo, koma wondilumikizira paipi imodzi mtauni mwathu sindidampeze.

Kunyumba mlandu sudali wa bondo langa losupuka ayi. Mayi a Zione adawerengera timapepala tonse, mafuta, mchere, makala, mpaka njere zitatu zoyesera zija, nkundiuza kuti ndi ngongole. Mawa lake felemu sindidaione pakhonde. Adapita nayo kwa anyamata osungunula zitsulo zakale aja amaumba mapoto mumchenga, patapita masiku adabwera ndi chipoto chokhuthala pansi, akuti aluminiyamu amagawa moto mofanana nde mbuliwuli siipserera. Ndipo zoona siikupserera, bizinesi ikuyenda kuposa kale, ine ndimangomva njinga yanga ikulira phuphuphu kukhitchini mbandakucha.

Ndidapita kwa alamu kukatenga Humber ya bambo anga. Ndidawapeza akumangirira matumba awiri a feteleza pa kaliyala, akuti alamu pepani sabata ino ili bize, koma ngati mukufuna njinga pa Lizulu pabwera zina zatsopano.